Wayilesi Yosadziwa Kunong'ona

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki pa kachipatala kena ka m'mbali mwa nyanja, pakati pa Benga ndi ku boma la Nkhotakota, mpaka maso anayamba kukana zilembo zing'onozing'ono. Ntchito yanga inali kulemba mayina a odwala m'kaundula, kumata timapepala pa mabotolo, ndi kukalipira anthu olowerera pamzere. Zambiri za zaka zimenezo ndinaziiwala, ndipo sindidandaula nazo. Koma wayilesi ija ikukana kuchoka m'mutu mwanga mpaka lero, ndipo ndatopa nayo.

Sinali wayilesi ya nyimbo ayi. Inali ija yolankhulirana, ya "ova, ova." Inabwera titangovotera kumene zipani zambiri, masiku amene galimoto zoyera zinkangotulukira ndi katundu amene sitinaitanitse. Tinali titangochoka m'zaka zimene munthu ukafuna kudandaula za mtengo wa sopo unkayamba wacheuka uku ndi uku, poti khoma linali ndi makutu. Tsopano aliyense ankalankhula mokweza, pamsika, pa matola, ngakhale pamaliro. Kunong'ona kunayamba kuoneka ngati mantha akale. Mwina n'chifukwa chake palibe amene anadabwa kuti atibweretsera chinthu chosadziwa kunong'ona.

Mmisiri woiika anachokera ku Lilongwe, bambo waulemu wake, wa thumba lodzaza zitsulo. Tinamulandira bwino, poti amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anawafunsa mafunso ambiri adokotala athu, amene kwenikweni anali othandizira dokotala, koma kwathu aliyense wovala choyera ndi adokotala. Anafunsa kumene dzuwa limatulukira, mphamvu ya mwera, ngati denga lingapirire kulemera kwa sola, ngati kuno kuli akuba mabatire. Zonsezo analemba m'kabuku. Sanafunse kuti chinthucho chikamalankhula azimva ndani. Ifenso sitinafunse. Tinali kalikiliki kumufulira tiyi.

Nthambo yochokera pa mlongoti inali yaifupi, choncho wayilesi anaikhazika m'kachipinda kanga, patebulo la pansi pa zenera. Zeneralo linalibe galasi, linali la waya chabe, ndipo linkayang'ana pakhonde pamene odwala ankadikirira pa mabenchi awiri. Ukatsitsa mawu, unkangomva phokoso ngati mvula pa malata. Ukakweza kuti umve bwino, ankamva ndi amene akutunga madzi pa mjigo. Komanso chinthucho chinalibe njira yolankhulira ndi munthu mmodzi. Ku boma akatsegula pakamwa, zipatala zonse zing'onozing'ono, kuyambira kumunsi kwa Benga mpaka cha ku Dwangwa, zinkamva limodzi.

Ndisaname, inatithandiza. Kale mayi akavutika pobereka tinkatuma munthu panjinga kuti akaime pamsewu kudikira galimoto iliyonse imene Mulungu angatumize. Wayilesi itabwera, ambulansi inkafika, mochedwa inde, koma inkafika. Alipo anthu akuluakulu lero amene akanatsikira kuli chete tsiku lobadwa pakadapanda chipangizo chimenecho. N'chifukwa chake kudana nacho kumandivuta, ndipo kuvutikako kumanditopetsa kuposa chidanicho.

Mauthenga a maliro a anthu omwalirira ku chipatala cha ku boma ankadzeranso pomwepo. Choncho pofika 8 koloko m'mawa khonde lathu linkadzaza ndi anthu amene sankadwala chilichonse. Amayi ochokera ku madimba a mpunga ankapatukira pomwepo makasu ali paphewa. Asodzi obwera kunyanja ankatsamira chipupa tulo tili m'maso. Ukawafunsa, ankati akudikira kumva za m'bale wawo amene anagonekedwa. Ukawathamangitsa, ankasuntha mapazi atatu n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, pamene mawu ankafika bwinobwino.

Lachiwiri lililonse galimoto ya ku boma inkadutsa kudzatenga mabotolo a makhololo a anthu otsokomola nthawi yaitali. Lachisanu m'mawa zotsatira zinkabwera pa wayilesi. Bambo wa pa wayilesi ya ku boma, amene nkhope yake sindinaionepo mpaka lero, ankaziwerenga ngati mphunzitsi wolengeza za mayeso: dzina, mudzi, kenako "apezeka nacho" kapena "alibe." Masiku amenewo mawu oti chifuwa chachikulu sankayenda okha. Anthu akamva chifuwa, mumtima ankamva kaliwondewonde, matenda aja amene ankatha anthu m'midzi koma osatchulidwa pamaliro. Munthu akangotchulidwa, kunyumba ankamupatulira kapu yakeyake.

Tsiku lina mtima unandikwera. Ndinatenga cholankhulira n'kudina.

"Achimwene, mayinawa musamawatchule. Kuno anthu akumva. Ova."

"Mayi, ine andipatsa pepala la mayina. Mukufuna ndiziwerenga chiyani, Masalimo? Ova."

Wina pa chipatala china anadina chake kuti timve kuti akuseka. Pakhonde pathu naponso anaseka. Ngakhale kudandaula za chinsinsi ndinkadandaulira pagulu. Komabe ndinalimbikira, adokotala analemba kalata, ndipo patapita milungu ingapo tinagwirizana kuti pa botolo tizilemba nambala, dzina lizitsala m'kaundula wanga. Ndinanyada. Ndinkayenda ngati ndagonjetsa boma lonse ndekha.

Manambalawo ndinkapereka mmene munthu aliyense wanzeru zake akanaperekera: woyamba pamzere, wani, wachiwiri, thuu. Ndinaiwala chinthu chimene ndinkachiona m'mawa uliwonse. Kwathu mzere si anthu oima motsatana. Munthu akafika amaika kabuku kake ka kuchipatala pa sitepe, n'kukapsinja ndi mwala, kenako amafunsa mokweza kuti, "Womaliza ndani?" Akayankhidwa amati, "Ndiye ine ndili pambuyo pa inu." Akatero amakakhala pamthunzi. Aliyense amasunga m'mutu amene ali patsogolo pake ndi amene ali pambuyo pake, chifukwa akapanda kutero amubera malo. Munthu wa kwathu akhoza kuiwala chaka chimene anabadwa, koma sangaiwale amene anamutsogolera pamzere. Ine amene ndinkaweruza milandu ya mzere tsiku ndi tsiku ndinayenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense.

Pamsewu, pamene matola ankaima, panali mayi wina wophika mpunga ndi nsomba. Anali Msilamu, wa m'mabanja akale a ku boma, ndipo anakwatiwira kwathu. Mwamuna wake anali atamwalira ngalawa itagubuduzika ndi mwera, n'kumusiyira ana awiri ndi miphika itatu. Mpunga wake unkanunkhira mpaka tsidya la msewu. Madalaivala ankadutsa malo ena onse kuti adzadye pa iye, ndipo inenso masiku amene ndinkachita ulesi kuphika ndinkadya pomwepo. Moyo wake wonse unali m'mbale zimenezo. Wophikira anthu alibe chuma china koposa kuti anthu asamanyansidwe ndi dzanja lake.

Mayi ameneyu anabwera ku chipatala Lolemba lina masana, pakhonde patapanda anthu, atadzifunda mpango mpaka m'maso. Anakhala pampando, n'kutsokomolera m'nsalu, chifuwa chija chochokera pansi. Adokotala anali atamuuza kale kuti apereke makhololo. M'chikhatho anali atafumbata kabotolo kokulunga m'kansanza.

"Alembi, landirani lero lomwe, pano palibe anthu," anatero.

"Amayi, mabotolo timalandira Lachiwiri m'mawa. Likagona pano lionongeka. Mubwere mawa."

Zinali zoona pang'ono, koma chachikulu n'chakuti ndinali nditatseka kale kaundula ndipo msana unkandiwawa. Anayang'ana wayilesi patebulo monga mmene munthu amayang'anira galu wa eni ake.

"Nanga ichi, chidzatchula dzina langa?"

"Ayi, zimenezo zinatha. Tsopano ndi manambala basi. Nambala ilibe dzina, ilibe mudzi."

"Mukunena zoona, alembi? Mukudziwa ntchito yanga. Anthu akangomva, ana anga adya mchenga."

"Ndikulumbira. Amene adzadziwe ndi ine ndi adokotala basi."

"Inshallah," anatero, n'kubisa kabotolo kaja m'chiuno.

M'mawa mwake anabwera, anaika kabuku kake pa sitepe, anafunsa womaliza, monga aliyense. Tsiku limenelo a mabotolo analipo asanu ndi anayi. Iye anali wachisanu ndi chiwiri. Ndinalemba 7 pa kapepala, ndinamata pa botolo, n'kumumwetulira ngati munthu amene ndamuchitira chinthu chachikulu.

Lachisanu khonde linadzaza monga mwa masiku onse. Wayilesi inakhosomola, kenako bambo uja anayamba kuitana zipatala chimodzichimodzi. Itafika nthawi yathu anati, "Nambala wani, alibe. Nambala thuu, alibe." Anapitirira choncho mpaka sikisi. "Nambala seveni, apezeka nacho. Abwere Lolemba ndi wowadikirira, adzagonekedwa. Nambala eyiti, alibe. Nambala naini, alibe. Ova."

Ndinasuzumira pa waya paja ndipo ndinaona milomo ikuyenda, zala zikupindidwa chimodzichimodzi. Kenako bambo wina wachikulire, msodzi, amene anakhala akutsokomola chaka chathunthu ndipo anali asanagone ndi mantha kuyambira Lachiwiri, anakweza manja kumwamba.

"Alhamdulillah! Sikisi ndinali ine!"

Sananene china chilichonse. Sanatchule munthu. Anali munthu wosangalala kuti wapulumuka, basi. Koma aliyense pakhondepo ankadziwa amene anafunsa kuti "womaliza ndani" msodziyo n'kuyankha kuti "ndine." Mayi wina anangoti, "Hii, ndiye ndi amayi a mpunga aja," n'kugwira pakamwa. Ndinakhala pansi cholembera chili m'manja, ndikudziwa kuti ndalumbira bodza.

Sindikanatha kuchoka nthawi yomweyo, odwala anali ambiri. Ndinanyamuka dzuwa lili pamutu, nthawi imene amuna ankachokera ku mzikiti, ndipo nkhani inali itandipitirira kalekale. Mayi wa mpunga uja ndinamupeza atakhala pa kampando kake, miphika yodzaza, mbale zonse zotsuka zili zovundikira pa thandala. Matola awiri anali ataima, koma anthu ake ankadya mbatata yootcha tsidya lina la msewu. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa pokangana ndine katswiri.

"Mwabwera kudzandiuza, alembi?" anafunsa. "Musavutike. Ndamva kwa wogulitsa makala."

Anakagonekedwa ku boma miyezi iwiri, jakisoni tsiku ndi tsiku. Ana anakakhala kwa mchemwali wake. Ine ndinatsala ndi manyazi anga, ndipo ndinayamba kukonza zimene ndikanakonza poyamba. Ndinadula timapepala ta manambala osatsatana, akuluakulu, n'kutiika m'chitini cha mkaka kuti munthu azitola yekha osaonetsa mnzake. Ndinapempha kuti pa wayilesi asamanene kuti uyu abwere, uyu asabwere, koma onse opereka mabotolo azibwera kudzamva m'chipinda, chitseko chotseka, kaya zili bwino kaya ayi, kuti wotuluka asadziwike ndi ulendo wake. Mabotolo ndinayamba kulandira pakhomo la kuseri. Pa zenera ndinakhomapo bulangete lakale, ndipo Lachisanu ndinkamvera wayilesi nditaifunditsa chitenje pamodzi ndi mutu wanga, thukuta lili kamukamu, ngati munthu wofukiza mankhwala a chimfine. Anthu pakhonde ankaseka kuti alembi ayamba kuombeza.

Zonsezo zinali zigamba pa nsalu yong'ambika kale. Lachiwiri anthu a mabotolo anachepa. Sikuti chifuwa chinatha m'midzi. Ndinkawamva akutsokomola kuseri kwa mipanda ya bango ndikamapita ku ntchito, koma ankasankha kufa ndi dzina lawo kusiyana ndi kuchira alibe dzina. Ndinkawauza za chitini changa, iwo n'kumagwedeza mutu mwaulemu. Anali atamva kale lumbiro langa loyamba.

Mayi uja anabwerako atanenepa, masaya atadzaza, chifuwa chitaleka. Adokotala anamuuza, ndipo anauzanso aliyense wofuna kumva, kuti munthu amene ali pa mankhwala chotere sangapatsire wina. Anatsuka miphika yake ndi mchenga mpaka kuwala, n'kuyatsanso moto pamalo pake. Mpunga unanunkhira monga kale. Anthu ankamupatsa moni wabwino ndithu, kumufunsa za ana, kuyamika Mulungu kuti wachira, kenako n'kupita kukadya kwina. Ine ndinkapita masana aliwonse n'kukhala poonekera, kudya pang'onopang'ono kuti onse aone. Anthu anati alembi ali ndi mankhwala a kuchipatala odzitetezera. Mlungu wachitatu anayamba kuphika mphika umodzi, ndipo ngakhale umenewo ankabwerera nawo kunyumba.

M'masiku omwewo batire ya wayilesi inafooka, ndipo mmisiri uja anabweranso. Ataona bulangete pa zenera ndi chitenje patebulo anafunsa ngati chipangizocho chikumva kuzizira. Ndinamufotokozera zonse, mosabisa mkwiyo. Anamvetsera, kenako anawerama n'kuloza kabowo kakang'ono kutsogolo kwa wayilesi, pansi pa chokwezera mawu. Kabowo kameneko ndinkakapukuta fumbi m'mawa uliwonse osadziwa ntchito yake.

"Apa pamalowa zomvera za m'makutu, mayi. Mukalowetsa, panja sipamveka kanthu. Mumamva nokha."

"Ndiye zili kuti?"

"Sizinali pa mndandanda wa zimene anatituma kudzaika. Amene wazifuna amapempha." Anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. "Paja amati safunsa anadya phula."

Ndinaimirira. Sindikumbuka zonse zimene ndinanena, koma adokotala anachita kutuluka m'chipinda chawo. Ndinamufunsa kuti ndikanapempha bwanji chinthu chimene sindinkadziwa kuti chilipo. Ndinamukumbutsa kuti anafunsa za dzuwa, za mphepo, za akuba, anateteza batire ndi loko wamkulu ngati chibakera, koma za anthu amene mayina awo adzadutsa m'chinthucho sanafunse. Ndinati safunsa ndi iyeyo, koma phula anadya wina, mayi amene sanagwirepo wayilesiyo ndi chala chomwe. Bamboyo anangoti pepani, iye amaika zimene wapatsidwa. Ndipo ndinadziwa kuti akunena zoona, monganso bambo wa ku boma ankawerenga zimene wapatsidwa, monganso ine ndinkalemba manambala mmene mzere wabwerera. Tonse tinali anthu ogwira ntchito zathu bwino. Mkwiyo unandithera pomwepo, ndinangotsala wolefuka.

Ndakhala ndikuganiza za kabowo kaja zaka zonsezi. Amene anapanga chipangizocho ankadziwa kuti pali mawu ena osayenera kumveka ndi onse, n'chifukwa chake anabowola. Koma anakonza kuti chizifuula chokha, ndipo kunong'ona kukhale kochita kupempha. Akanatembenuza, kuti chizinong'ona chokha ndipo wofuna kufuula achite kudina, mwina ndikanakalamba ndi nkhani ina. Mmisiri wa nyumba sadikira kuti mwini nyumba apemphe chitseko cha kubafa. Amadziwa kuti m'menemo muzilowa munthu. Wodwala amene wabwera ndi kabotolo m'chiuno alibe mphamvu yopempha kanthu, ndipo sadziwa n'komwe kuti pali chopempha. Masiku ano adzukulu anga amandionetsa mafoni awo, amati ukalowa apa, n'kulowanso apa, ukhoza kubisa zakuti. Ndimangowayang'ana. Kabowo kaja kakadalipo, angokasunthira mkati.

Zomvera za m'makutu zinafika patapita mwezi, pa galimoto ya Lachiwiri, zili m'kapepala ka pulasitiki. Zinali zopepuka ngati chisa cha mbalame. Ndinazilowetsa, n'kuchotsa bulangete pa zenera, ndipo khonde lonse linangoona milomo yanga ikuyenda. Mlungu umenewo anthu osadwala anasiya kubwera 8 koloko.

Loweruka lake ndinamva kuti mayi uja akusamukira ku Dwangwa, kumene odula nzimbe ndi ambiri ndipo palibe amene ankadziwa mzere wathu wa Lachiwiri. Ndinathamangira kumsewu. Ndinamupeza atamanga miphika iwiri m'chitenje, wachitatu uli pambali, mphasa itapindidwa, ana atakhala pa thumba la mpunga. Pamalo pamene ankaphikira panatsala mafuwa akuda ndi phulusa. Ndinayamba kumufotokozera za chitini, za chitseko cha kuseri, za zomvera za m'makutu. Ndinalankhula mofulumira ngati mwana wa sukulu amene wakhoza samu mochedwa.

"Takonza, amayi. Tsopano palibe amene angamve. Takonza zonse."

Anandimvetsera mpaka kumaliza. Matola anali atafika, wothandizira dalaivala akukweza kale miphika.

"Alhamdulillah, mwachita bwino, alembi," anatero, akukonza mpango wake. "Obwera m'mbuyomu apumula. Nanga langa dzina, mukanditengera kwa ndani?"

Anakweza mwana wamng'ono, anakwera, n'kukhala chakumbuyo atafungatira mphika umodzi pamiyendo. Ine ndinabwerera ku chipatala, chifukwa kaundula ndinali nditamusiya wotsegula patebulo.